Timilamba ta Pansi pa Miyala: Mafunso ndi Mayankho

Nsomba za m'Malawi zikatchulidwa, maganizo a anthu ambiri amathamangira kunyanja: chambo, usipa, kampango, mbuna zamawangamawanga za ku Cape Maclear. Koma m'mitsinje yotsetsereka kuchokera m'mapiri a Mulanje, Zomba, Viphya ndi Nyika muli tinsomba tina ta ndevu timene sitifika pamsika, ndipo m'malipoti a usodzi sitiwerengedwa. Timakhala pansi pa miyala ndi mumchenga. Amene amakumana nato kawirikawiri ndi ana opita kukasamba kumtsinje, akagubuduza mwala n'kuona kanthu kakuda kakuthawira pansi pa mwala wina.

Kodi tinsomba timeneti si ana a mlamba chabe?

Ayi, ngakhale ambiri amaganiza choncho. Mwana wa mlamba amakula n'kudzakhala mlamba wa makilogalamu angapo. Tinsomba iti timakhwima, kuikira mazira mpaka kufa tikadali tating'ono: tina masentimita 15, tina 6, tina sitifika n'komwe masentimita 3.

Kusiyanitsa n'kosavuta kansombako kakakhala m'manja. Mlamba weniweni, umene akatswiri amautcha Clarias gariepinus, uli ndi ndevu 8, ndipo chipsepse chake cha pamsana n'chachitali, choyambira kumbuyo kwa mutu mpaka pafupi ndi mchira. Timilamba ta m'miyala tili ndi ndevu 6. Chipsepse cha pamsana n'chachifupi, ndipo kumbuyo kwake kuli kachipsepse kena kamnofu, kopanda mafupa, kamene kampango nayenso ali nako. Mlamba ulinso ndi chiwalo chapadera m'mutu chopumira mpweya wa kunja kwa madzi, n'chifukwa chake umapirira m'thamanda lamatope mwezi wa Okutobala. Ta m'miyala tilibe chiwalo chimenecho. Madzi akaima n'kutentha, timafa msanga.

Ilipo ndithu milamba ina ya fuko la Clarias imene sikula kwambiri, monga Clarias theodorae wa m'madambo ndi Clarias liocephalus wa m'timitsinje tozizira. Koma iyo ndi abale a mlamba enieni, ndipo chipsepse chachitali chija chimaiulula.

Nanga n'chiyani chimachititsa nsomba kuwerengedwa m'gulu la milamba?

Gulu lonse limatchedwa Siluriformes, ndipo ndi lalikulu zedi. Pamene Carl Ferraris anasindikiza mndandanda wake mu 2007 anawerenga mitundu 3,093 m'mabanja 36. Lero chiwerengerocho chapitirira 4,000. Yochuluka imakhala m'madzi opanda mchere a ku South America, Africa ndi Asia. Mabanja awiri okha ndiwo anakhazikika kwenikweni m'nyanja zamchere. M'gulu lomwelo muli tinsomba ta ku South America tosakwana masentimita awiri, mulinso chimlamba cha mumtsinje wa Mekong chimene chinagwidwa ku Thailand mu 2005 chikulemera makilogalamu 293.

Zonsezi zilibe mamba. Khungu limakhala loterera, kapena lokutidwa ndi timafupa tosanjikizana. Zambiri zili ndi ndevu, ndipo ndevuzo si zokongoletsa: zili ndi timitsempha tolawira, kotero nsombayo imadziwa kukoma kwa chinthu isanachiike m'kamwa. Kwa nsomba yosaka chakudya usiku kapena m'madzi akuda, ndevu zimagwira ntchito yoposa ya maso.

Chizindikiro china chili m'kati. Mafupa oyambirira a msana anasanduka timafupa tolumikiza kathumba ka mpweya ka m'mimba ndi khutu la m'kati mwa mutu, ndipo n'chifukwa chake milamba imamva bwino phokoso la m'madzi. Ernst Weber wa ku Germany ndiye anafotokoza timafupa timeneti mu 1820. Matemba, ntchila, mpasa ndi usipa nazonso zili nato, koma chambo alibe. Choncho pa chibale, mlamba ndi usipa ndi apafupi kuposa mlamba ndi chambo, ngakhale maonekedwe awo sakusonyeza.

Akatswiri amazigawa bwanji?

Amayambira pa gulu lalikulu, n'kutsikira ku banja, ku fuko, mpaka ku mtundu umodzi. Mtundu uliwonse umalandira mayina awiri a Chilatini, potsatira njira imene Carl Linnaeus wa ku Sweden anakhazikitsa pa zinyama mu 1758. Dzina loyamba lili ngati mfunda, monga Phiri kapena Banda, umene anthu ambiri amagawana. Lachiwiri ndi la mtundu umodzi wokhawo.

Timilamba ta m'mitsinje ya Malawi timachokera makamaka m'mabanja awiri, ndipo onse ndi a mu Africa mokha. Loyamba ndi Amphiliidae, la mitundu pafupifupi 100. M'menemo muli fuko la Amphilius, lokhala m'miyala ya m'mapiri, ndi fuko la Zaireichthys, lokhala mumchenga. Lachiwiri ndi Mochokidae, banja lalikulu kuposa onse a milamba ya mu Africa, la mitundu yoposa 200. M'menemo muli Synodontis, fuko la kolokolo, ndi Chiloglanis, tinsomba ta kukamwa komata pamwala.

Kampango ndi wa banja lina, Bagridae. Mlamba, bombe ndi sapuwa ndi a Clariidae.

Amphilius amatha bwanji kukhala m'madzi othamanga chotero osakokoloka?

Thupi lake lonse linaumbidwira ntchito imeneyi. Mutu ndi wophwatalala, mimba ndi yosalala, maso ndi aang'ono ndipo ali pamwamba pa mutu. Zipsepse za pachifuwa ndi za pamimba n'zotambalala, zoyalidwa cham'mbali. Fupa loyamba la chipsepse chilichonse ndi lochindikala koma lopindika, ndipo kunsi kwake n'kokhakhala, kogwira mwala. Kansombako kakagona pamwala mutu utaloza kumene madzi akuchokera, madziwo amadutsa pamwamba pake n'kukakanikizira pansi m'malo mokanyamula.

Palinso china chimene munthu woimirira m'mphepete sangachione. Madzi amene akhudzana ndi mwala amayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi a pamwamba, ndipo m'mipata ya pakati pa nsangalabwi amakhala pafupifupi odekha. Amphilius amakhala m'menemo. Kathumba kake ka mpweya n'kakang'ono kwambiri, kotero sayandama. Akasiya kusambira amangokhala pansi. Masana amabisala, usiku ndiye amatuluka n'kumayenda pamiyala modumphadumpha, ndevu zikufufuza mphutsi.

Ambiri amakhala a masentimita 8 mpaka 15. Khungu ndi lofiirira kapena lodera, la mawanga kapena timizere toyera pamsana, lofanana ndi miyala ya mtsinje umene akukhalamo. Amaswana m'nyengo ya mvula. Mazira amaikiridwa pansi pa miyala, ndipo tiana tikangoswa timaoneka ngati mbululu.

Nanga kukamwa kwa Chiloglanis kumagwira ntchito yanji?

Munthu akakatembenuza kansomba aka chagada amaona chinthu chodabwitsa. Milomo yake inatambasuka n'kulumikizana kukhala chimbale chozungulira, chokhala ndi timatuza tambirimbiri, ndipo kukamwa kuli pakati pake. Ndevu n'zazifupi, zina zangotsala tinsonga m'mphepete mwa chimbalecho. Kakachikanikiza pamwala kamamatirira zolimba, ndipo kamapumabe kali chimatirire.

Mano ali m'magulu: ena pa timapilo tiwiri ta nsagwada ya m'mwamba, ena opindika, ounjikana pakati pa nsagwada ya m'munsi. Ndi amenewa kamapala ndere za pamwala pamodzi ndi tizilombo tokhala m'nderezo. Chiloglanis amakonda pamene madzi akuwira thovu, pamalo pamene nsomba zina sizingaime ngakhale kamphindi. Amathanso kukwera mwala wonyowa wa pa mathithi aang'ono kapena khoma la damu lothirira, pomata ndi kukamwa, kudzikankha ndi mchira, n'kumatanso patsogolo pang'ono.

Wilhelm Peters ndiye anatchula fukoli mu 1868. Mitundu yodziwika ndi yoposa 50, yambiri yosafika masentimita 10, ndipo chiwerengerocho chikukwerabe. Mu 2024 akatswiri anafotokoza Chiloglanis carnatus wa mumtsinje wa Mukwadzi ku Zimbabwe, umene madzi ake amakathera mu Zambezi kudzera mu Manyame.

Ta mumchenga tija n'totani?

Zaireichthys ndi tating'ono kuposa tonse, nthawi zambiri sitipitirira masentimita 4 kapena 5. Timadzikwirira mumchenga wosalala wa m'madzi osaya, maso okha ali kunja, kudikira tizilombo tobwera ndi madzi. Thupi ndi lotuwa, la timadontho, kotero ngakhale munthu atayang'anitsitsa sangakaone mpaka katasuntha. Mosiyana ndi Amphilius, tili ndi minga itatu yolimba, umodzi pamsana ndi iwiri pachifuwa, imene imaima n'kukhomeka mdani akafuna kukameza.

Nkhani yake ikukhudza Malawi mwachindunji. Mu 2011 David Eccles, Denis Tweddle ndi Paul Skelton anafotokoza mitundu 8 yatsopano ya fukoli nthawi imodzi. Eccles ndi Tweddle anagwirapo ntchito ya kafukufuku wa nsomba m'Malawi kwa zaka zambiri. Pa mitundu imeneyo panali Zaireichthys maravensis wa m'mitsinje yothira m'nyanja ya Malawi, ndi Zaireichthys lacustris, amene anasiya mitsinje n'kukakhazikika m'nyanja mwenimwenimo. Ameneyu, wa masentimita awiri ndi pang'ono, amakhala m'zigoba zopanda kanthu za nkhono yaikulu ya pansi pa nyanja, Lanistes nyassanus, zigoba zomwezo zimene kambuna kena kakang'ono kamabisalamo. Sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi.

Bwanji mayina a nsomba zimenezi akungosinthasintha m'mabuku?

Chifukwa ambiri mwa mayina akale anali obwereka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900, apaulendo a ku Ulaya ankatola nsomba, kuziika m'mabotolo a mankhwala n'kuzitumiza ku London, Berlin kapena Hamburg. Kumeneko katswiri ankaziyeza ndi kuzipatsa dzina. George Albert Boulenger yekha, wa ku Belgium koma wogwira ntchito ku British Museum, anatchula mitundu ya nsomba yoposa 1,000. Pambuyo pake, wina akagwira kansomba kofananako m'dziko lina, ankangokapatsa dzina lomwe linalipo kale.

Timilamba ta m'Malawi tinagwa m'mbuna yomweyi. Amphilius wa m'mitsinje yambiri ya kuno wakhala akulembedwa kuti Amphilius uranoscopus, dzina limene Georg Pfeffer anapereka mu 1889 kwa nsomba za m'dera la mtsinje wa Wami ku Tanzania. Chiloglanis wa kuno wakhala akulembedwa kuti Chiloglanis neumanni, dzina la Boulenger la mu 1911 la nsomba za mumtsinje wa Bubu, pakati pa Tanzania. Ta mumchenga tonse tinkatchedwa rotundiceps, dzina la mu 1905 lochokeranso ku Bubu komweko. Mtsinje wa Bubu sulumikizana ndi nyanja ya Malawi kapena Zambezi, komatu kwa zaka zambiri mabuku ankasonyeza ngati kansomba kamodzimodziko kafalikira kuchokera ku Kenya mpaka ku South Africa.

Akatswiri atayamba kuyang'anitsitsa, mayina aakuluwo anayamba kugawika. Mu 2010 Alfred Thomson ndi Lawrence Page anasonyeza kuti nsomba za ku Kenya zimene zinkatchedwa uranoscopus zinali mitundu ingapo, umodzi mwa iyo watsopano, Amphilius athiensis wa mumtsinje wa Athi. Mu 2021 Daniel Mazungula ndi Albert Chakona a ku South African Institute for Aquatic Biodiversity, mumzinda wa Makhanda, anaunikanso Amphilius natalensis, amene Boulenger anamutchula mu 1917 ndipo ankaganiziridwa kuti amapezeka kuyambira ku KwaZulu-Natal mpaka ku Mulanje. Anapeza kuti dzina limodzilo linkabisa mitundu 5. Wa ku Malawi, wa mumtsinje wa Ruo, analandira dzina lakelake, Amphilius leopardus, chifukwa cha mawanga ake.

Kusinthaku kumatopetsa ophunzira, koma si masewera a mayina. Nsomba ikalembedwa kuti imapezeka m'mayiko 10, palibe amene amada nayo nkhawa. Ikatha kuno, anthu amati ilipo kwina. Ikadziwika kuti kwawo ndi mtsinje umodzi wa m'munsi mwa phiri la Mulanje, nkhani yake imasintha kotheratu, pakuti mtsinje umenewo ukawonongeka palibenso kwina kokaitenga.

Amadziwa bwanji kuti uwu ndi mtundu watsopano, osati wakale womwewo wongosiyana maonekedwe?

Ntchito yake ndi ya kuwerenga ndi kuyeza, ndipo imafuna kudekha. Nsomba zikagwidwa zimajambulidwa zikadali zamoyo, chifukwa mawanga amazilala m'botolo. Kenako amadula kachidutswa ka chipsepse n'kukasunga mu spiriti kuti akapime DNA, ndipo thupi lonse amaliumitsa ndi fomalini asanalisamutsire mu spiriti. Pabotolo pamalembedwa mtsinje, malo enieni ndi tsiku.

Ku labotale amayeza kutalika kwa mutu, kukula kwa diso, mpata wa pakati pa zipsepse, kuchindikala kwa tsinde la mchira. Amajambula ndi ekisire kuti awerenge mafupa a msana. Pa Chiloglanis amawerenga mano a nsagwada ya m'munsi ndi kuyang'ana kutalika kwa ndevu za m'mphepete mwa chimbale chija. Pa Amphilius, Skelton anasonyeza mu 1984 kuti timafupa ta chipsepse cha kumchira timagawa fukoli pawiri: a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo a Malawi, amakhala ndi 8 m'mwamba ndi 9 m'munsi, pamene a kumadzulo amakhala ndi ochepera.

DNA imathandiza kuloza pamene pakufunika kuyang'anitsitsa, koma payokha sikwanira. Katswiri amayenera kuyerekeza nsomba zakezo ndi nsomba yeniyeni imene dzina lakale linaperekedwerapo, yosungidwa m'botolo mwina zaka 130 zapitazo. N'chifukwa chake mabotolo a ku London, Berlin, Tervuren ku Belgium ndi Makhanda ali ofunika mpaka lero. Mtundu watsopano nawonso umasankhidwira nsomba imodzi yoimira dzinalo, imene imasungidwa kuti aliyense wokayika adzathe kukaiona.

N'chifukwa chiyani mitsinje yoyandikana ingakhale ndi mitundu yosiyana?

Kansomba kofuna madzi ozizira, othamanga ndi a miyala sikangadutse chigwa chotentha cha madzi odekha ndi matope. Choncho mtsinje wa paphiri lina ndi wa paphiri linzake, ngakhale yonse ikuthira m'nyanja imodzi, imakhala ngati yotalikirana kwambiri. Magulu awiri akakhala osakumana kwa zaka masauzande ambiri, lililonse limasintha mwa njira yake mpaka kukhala mitundu iwiri.

Mathithi nawo amaika malire. Pakati pa Matope ndi Chikwawa, Shire amatsika pafupifupi mamita 400 kudzera pa Kholombidzo, Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kumunsi kwake kuli nsomba za Zambezi: vundu, nyesi wa magetsi amene Boulenger anamutcha Malapterurus shirensis mu 1898, ndi nsomba yolusa ya tigerfish. Zonsezi m'nyanja ya Malawi mulibe, chifukwa mathithiwo sizingawakwere. Malire amenewa ndi ofunika kotero kuti ngalande yaikulu yothirira ya m'chigwa cha Shire, yoyambira pa Kapichira, anaikonzera chotchinga kuti nsomba za kumunsi zisapezerepo njira yokwerera kumtunda.

Ruo nayenso ali ndi mathithi ake a Zoa, aatali pafupifupi mamita 60, mtsinjewo usanakakumane ndi Shire ku Chiromo. Kumtunda kwa Zoa kuli nsomba zimene sizipezeka kumunsi, zotsalira kuyambira kale pamene mitsinje ya derali inkayenda njira zina. Kupezeka kwa Amphilius wakewake mu Ruo kukugwirizana ndi mbiri imeneyi.

Kolokolo amalira akagwidwa. Kodi amalira bwanji, nanga tating'onoti natonso tili ndi minga?

Kulira kwa kolokolo sikuchokera pakhosi. Tsinde la munga wa pachifuwa lili ndi timizere, ndipo nsombayo ikagwedeza mungawo, timizereto timakhulana ndi fupa la paphewa n'kutulutsa phokoso lija asodzi amalidziwa. Munga womwewo umatha kukhomeka utaima, n'chifukwa chake kolokolo amavuta kuwonjola muukonde, ndipo akabaya chala ululu wake umakhalitsa. Wa m'nyanja ya Malawi, Synodontis njassae, anafotokozedwa mu 1908 ndipo amapezeka m'nyanja yokhayi; kumunsi kwa Shire kuli abale ake monga Synodontis zambezensis.

Chiloglanis, pokhala wa banja lomwelo, ali ndi minga yolimba yobaya. Amphilius alibe munga wobaya, ndipo chitetezo chake ndi kuterera ndi kubisala basi.

Fuko la Synodontis, la mitundu yoposa 130, lili ndi zodabwitsa zake. Synodontis nigriventris wa ku Congo amasambira chagada. Synodontis multipunctatus wa m'nyanja ya Tanganyika amaponya mazira ake pakati pa mazira a nsomba zolerera ana m'kamwa. Mayi mwini mazirawo amawatola onse, ndipo tiana ta mlendoyo timaswa msanga n'kudya ana a mwini kamwa.

Ngati sitidyedwa kwenikweni, phindu lake n'lotani?

Timadya mphutsi za tizilombo zokhala pamiyala ya m'madzi, ndipo ito timadyedwa ndi katumbu, mbalame za kumadzi, mkunga ndi nsomba zikuluzikulu. Pa mphutsi zimenezo pali za tintchentche takuda toluma totchedwa Simulium, timene timaswana m'madzi othamanga okhaokha. Tintchentche timeneti ndito timafalitsa matenda a onchocerciasis, oyabwitsa thupi ndipo nthawi zina opha maso, amene akhala akuvutitsa anthu ku Thyolo, Mulanje, Mwanza ndi maboma oyandikana nawo. Nsomba sizingathetse matendawa, mankhwala a ivermectin ndiwo akugwira ntchitoyo, koma ndi bwino kudziwa kuti pamwala pamene mphutsizo zimamatirira palinso kansomba kozidya.

Phindu lalikulu ndi lakuti timanena zoona za mtsinje. Mlamba umapirira chilichonse, choncho kupezeka kwake sikuuza munthu kanthu. Koma pamene pali Amphilius ndi Chiloglanis ambiri, aakulu ndi ana omwe, ndiye kuti madzi amayenda chaka chonse, ndi ozizira, ali ndi mpweya wokwanira, ndipo mipata ya pansi pa miyala sinatsekeke. Mpasa ndi sanjika, zimene zimakwera Bua, Linthipe, North Rukuru ndi mitsinje ina kukaikira mazira, zimafunanso nsangalabwi zoyera zomwezo. Timilambati tikayamba kusowa, msodzi wa mpasa ali ndi chifukwa chodera nkhawa.

Chikuwopseza tinsomba timeneti n'chiyani?

Choyamba ndi dothi. Mitengo ikadulidwa m'phiri n'kuotchedwa makala, minda ikalimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mvula yoyamba imatsitsa dothi lofiira n'kulithira m'madzi. Dothilo likadikha limadzaza mipata ya pakati pa miyala. Munthu wodutsa pamlatho amaona mtsinje ukuyenda monga kale, miyala ili pomwepo, osadziwa kuti pansi pake pamene kansomba kankabisala, kusaka ndi kuikira mazira pasanduka pogumuka. Ndere za pamwala zimakwiririka, mphutsi zimachepa, mazira amasowa mpweya. Kukumba mchenga ndi kusefa golide m'mitsinje kumawonjezera vuto lomweli, ndipo ta mumchenga tija timachotsedwa pamodzi ndi nyumba yake. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anasonyeza kuchuluka kwa dothi ndi miyala zimene mapiri a Mulanje ndi Phalombe angatsitse m'masiku ochepa.

Chachiwiri ndi kuphwa kwa madzi. Mtsinje ukapatutsidwa wonse m'chilimwe kupita ku madimba, pamatsala maiwe osayenda. Matemba ndi milamba zimadikira mvula m'menemo. Chiloglanis sangadikire.

Katupe ndiye amapha mosasankha. Othira amafuna nsomba zazikulu, koma timilambati, posathawa kutali ndi mwala wake, timafera pansi pomwepo osatoledwa n'komwe. Lamulo la za usodzi la mu 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni, koma m'timitsinje ta kumapiri alangizi a usodzi safikako kawirikawiri. Masikito osanduka maukonde amakokolanso tiana tonse.

Palinso mlendo. Nsomba ya trout inabweretsedwa m'nthawi ya atsamunda n'kuikidwa m'mitsinje yozizira ya pa Zomba, Mulanje ndi Nyika kuti azungu aziwedza posangalala. Trout amadya mphutsi zomwezo, ndiponso amadya nsomba zing'onozing'ono. Kafukufuku wa Wilbert Kadye ndi Christopher Magadza pa Nyika, wosindikizidwa mu 2008, anapeza kuti pamene pali trout, Amphilius amasiya malo amene amakonda n'kukakhala m'malo ena. Izi zikuchitika m'kati mwa paki yotetezedwa, kumene kulibe makala kapena madimba.

Munthu wofuna kutiona angachite bwanji?

Apite m'chilimwe madzi atayera, pamalo osaya pamene mtsinje ukuthamanga pamiyala yonyamulika. Mmodzi agwire kaukonde kapena lichero lakale kumunsi kwa mwala, m'mphepete mwake mutagunda pansi, wina anyamule mwalawo pang'onopang'ono. Chobisala pansi chimatengedwa ndi madzi n'kulowa m'kaukondemo: nkhanu, mphutsi za tombolombo, ndipo mwamwayi kamlamba. Akakaika m'botolo loyera la madzi a mumtsinje womwewo, Chiloglanis amamata pagalasi nthawi yomweyo, chimbale chake chonse n'kuonekera, mano ndi timatuza tomwe. Pakatha mphindi zochepa kabwezedwe, chifukwa madzi a m'botolo amatentha msanga, ndipo mwalawo ubwezedwe mmene unalili.

Ntchito yatsala ndi yotani?

Yambiri, ndipo ili pafupi. Nyanja ya Malawi yakopa akatswiri a padziko lonse chifukwa cha mbuna ndi abale ake, mitundu mazanamazana, pamene mitsinje yothiramo yayenderedwa mwa apo ndi apo. Chiloglanis ndi Amphilius a m'mitsinje yambiri ya kuno akuyendabe ndi mayina a ku Bubu ndi ku Wami, ena ndi chizindikiro chongosonyeza kuti akufanana ndi mtundu wakutiwakuti. Zimene zinachitika ndi Zaireichthys mu 2011 ndi Amphilius wa mu Ruo mu 2021 zikusonyeza kuti pansi pa mayina amenewo pangakhale mitundu ina yosatchulidwa.

Dziko lili ndi anthu otha kuigwira ntchitoyi. Ku Bunda, pansi pa LUANAR, ndi ku Mzuzu University amaphunzitsa za nsomba; ku Monkey Bay kuli malo a kafukufuku a nthambi ya usodzi, ndipo ku Mpwepwe ku Mangochi kuli sukulu ya alangizi. N'zomveka kuti maphunziro ambiri amalunjika pa chambo ndi ulimi wa nsomba m'maiwe, pakuti m'menemo ndimo muli chakudya ndi ndalama. Komabe kutola timilamba sikufuna bwato kapena injini. Kumafuna kaukonde, mabotolo, spiriti, kamera ndi wophunzira wololera kuyenda Likhubula, Lichenya, Domasi, Luweya kapena South Rukuru kuyambira kumunsi mpaka kumtunda, akulemba bwino malo alionse. Pa ulendo womwewo angafunse agogo ndi ana a m'midzi ya m'mphepete mayina amene amatchula tinsombati m'Chichewa, Chilomwe, Chiyao, Chitonga ndi Chitumbuka, n'kuwalemba pambali pa chithunzi ndi nambala ya botolo lililonse.